Fulashi yaing'ono yolumikiza pa kamera: kagwiridwe kake ndi zoyenera kudziwa pogula

Fulashi yaing'ono yolumikiza pamwamba pa kamera ya digito ndi chipangizo chothandiza kujambula zithunzi m'malo mopanda kuwala kokwanira, monga m'maholo ndi m'zipinda zochitira misonkhano. Chipangizochi chimakhazikidwa pa kachitsulo kotchedwa hot shoe, ndipo zambiri za mtunduwu zimayendera mabatire awiri a AA.

Luso lake linachokera ku ntchito ya Harold Edgerton wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, yemwe anakonza nyali yong'anima yoyendera magetsi mu 1931. Mphamvu ya mabatire imasonkhanitsidwa mu capacitor mpaka kufika mavoti pafupifupi 300, kenaka imatulutsidwa nthawi imodzi mu kachubu ka mpweya wa xenon. Ichi n'chifukwa chake sikoyenera kutsegula fulashi, ngakhale mabatire atachotsedwa.

Mphamvu ya fulashi imadziwika ndi nambala yotchedwa guide number. Pa ISO 100, nambalayi ikagawidwa ndi nambala ya f yomwe lenzi yatchereredwa, yankho lake ndi mtunda womwe kuwala kungafike. Fulashi yobwera kale m'kamera kawirikawiri imakhala ndi nambala 12 kapena 13, kutanthauza mamita atatu okha pa f/4. Nikon SB-400, yomwe inatuluka mu 2006, ili ndi 21, pomwe Canon Speedlite 270EX ya mu 2009 imafika 27, ndipo kuwala kwake kumayandikira mamita asanu ndi awiri. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pa munthu kumachepa kanayi, kotero wojambula yemwe waima kumbuyo kwa holo asayembekezere chithunzi chabwino cha olemekezeka omwe ali kutsogolo.

Komabe phindu lalikulu la fulashi yotere si mphamvu ayi, koma mutu wake womwe umapendekeka kuloza kumwamba. Kuwala kukagunda siling'i yoyera kumabwerera kofewa, nkhope sizinyezimira ngati zapakidwa mafuta, ndipo zithunzithunzi zakuda sizioneka pa khoma kumbuyo kwa anthu. Vuto la maso ofiira nalo limachepa kaamba koti kuwala sikuchokera pafupi ndi lenzi. Njirayi ili ndi malire ake. M'holo ya denga lalitali, kapena ya malata opanda siling'i monga zilili m'sukulu zambiri za kumidzi, kuwala kumatayikira m'mwamba, ndipo siling'i yopakidwa utoto imapatsira mtundu wake pa nkhope za anthu. Mitu ya SB-400 ndi 270EX siitembenukira kumbali, zomwe zimavuta kamera ikaimikidwa chotalika.

Maofesi omwe akugula zipangizozi akuyenera kuonetsetsa kuti fulashi ikugwirizana ndi kamera yawo. Kampani iliyonse ili ndi njira yakeyake yoyezera kuwala: Nikon imagwiritsa ntchito i-TTL, Canon E-TTL II, ndipo Sony inasintha kapangidwe ka hot shoe yake mu 2012. Fulashi yopangidwira makamera a kampani ina ikhoza kung'anima ndithu, koma siingagwirizane ndi njira ya kamera yanu yoyezera mphamvu yofunika.

Choopsa kwambiri ndi mafulashi akale a nthawi ya filimu omwe amapezeka m'makabati kapena pa msika wa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito. Ena mwa iwo, monga Vivitar 283 zoyambirira, amatumiza mavoti oposa 200 ku hot shoe, pomwe muyezo wa ISO 10330 umafuna kuti kamera ipirire mavoti 24 okha. Fulashi yotere iyambe yayezedwa ndi mmisiri wa zamagetsi isanaikidwe pa kamera ya digito.