Mmene ukalamba umasinthira retina ya diso

Munthu wa zaka 70 akachoka padzuwa n'kulowa m'chipinda cha mdima, amatenga nthawi yaitali kuti ayambe kuona kusiyana ndi mdzukulu wake. Ambiri amaganiza kuti ndi ng'ala, koma mbali ina ya vutoli imakhala kumbuyo kwa diso, mu kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Kale, akatswiri ankaona bwino magawo a kachikopaka pokhapokha atadula diso la munthu womwalira n'kuliunika pa maikulosikopu. Masiku ano makina otchedwa OCT amajambula magawowa munthu ali moyo, ndipo zithunzi zake zaonetsa kuti magawo a retina sakalamba mofanana: ena amapyapyala pamene ena amakhuthala.

Magawo a retina

Retina ndi imene imalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kuchindikala kwake sikufika ngakhale theka la milimita, koma ili ndi magawo 10 osanjikizana. Akatswiri amayeza magawowa m'maikulomita. Milimita imodzi ili ndi maikulomita 1,000.

Gawo la pamwamba, loyang'ana mkati mwa diso, lili ndi timinyewa toposa 1 miliyoni timene timakumana n'kupanga mnyewa umodzi wopita ku ubongo. Pansi pake pali maselo amene timinyewati timachokera. Chakumunsi kuli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri: a rod, othandiza kuona kukachita mdima, ndi a cone, othandiza kuona mitundu ndi zinthu zing'onozing'ono monga zilembo. Maselowa amasamalidwa ndi mzere wa maselo akuda otchedwa RPE, umene wakhala pa kachikopa ka Bruch. Kuseri kwa kachikopa ka Bruch kuli choroid, gawo la mitsempha ya magazi lodyetsa maselo olandira kuwala.

Mmene OCT imajambulira

Luso la OCT linalengezedwa m'chaka cha 1991 ndi David Huang, Eric Swanson, James Fujimoto ndi anzawo a ku Massachusetts Institute of Technology m'dziko la America, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Lasker mu 2023. Makinawa amagwira ntchito mofanana ndi sikani ya amayi oyembekezera, koma m'malo mwa mafunde a phokoso amagwiritsa ntchito kuwala. Amatumiza kuwala kofooka m'diso, ndipo gawo lililonse limabweza kuwalako mosiyana. Kompyuta imaphatikiza zobwererazo n'kupanga chithunzi choonetsa retina ngati yadulidwa pakati. Palibe chokhudza diso, ndipo ntchitoyo imatha m'masekondi ochepa.

Makina ambiri a m'zipatala amasiyanitsa zinthu zotalikirana maikulomita 5 mpaka 7, pamene atsopano amafika pa maikulomita 3 kapena kuchepera. Motero mizere yopyapyala ya kumunsi kwa retina, imene kale inkaoneka ngati mzere umodzi, tsopano imaoneka payokhapayokha.

Magawo amene amapyapyala

Gawo la timinyewa ndi limene layezedwa kwambiri. Kwa munthu wamkulu wathanzi, kuchindikala kwake mozungulira mnyewa wopita ku ubongo kumakhala pafupifupi maikulomita 100, ndipo kumachepa ndi maikulomita pafupifupi 2 pa zaka 10 zilizonse. Izi zimagwirizana ndi zomwe anapeza akatswiri owerenga timinyewa m'maso a anthu omwalira: diso limataya timinyewa pafupifupi 4,000 kapena 5,000 chaka chilichonse. Gawo la maselo amene timinyewati timachokera nalonso limapyapyala pang'onopang'ono.

Maselo olandira kuwala sachepa mofanana. Kafukufuku wa Christine Curcio ndi anzake wa mu 1993 anapeza kuti chapakati pa retina, maselo a rod pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse amatha munthu akamafika zaka 90, pamene chiwerengero cha maselo a cone sichisintha kwenikweni.

Choroid ndi imene imapyapyala mofulumira. Mu 2009, Ron Margolis ndi Richard Spaide a ku New York anapeza kuti pansi pa malo apakati a retina, choroid imachindikala pafupifupi maikulomita 287, ndipo imachepa ndi maikulomita oposa 15 pa zaka 10 zilizonse.

Gawo limene limakhuthala

Kachikopa ka Bruch kamachita zosiyana. Mwana amakhala nako kochindikala maikulomita pafupifupi 2, koma munthu akafika zaka za m'ma 90 kamakhala kataposa maikulomita 4. Chimene chimachititsa ndi mafuta ndi zinyalala zina zochokera m'maselo, zimene zimaunjikana m'menemo chaka ndi chaka. Kachikopaka kakakhuthala, chakudya chochokera m'magazi, kuphatikizapo vitamini A amene maselo a rod amadalira, chimadutsa movutikira. Ichi, pamodzi ndi kuchepa kwa maselo a rod, ndi chimodzi mwa zifukwa zimene okalamba amachedwera kuzolowera mdima.

Zinyalalazo zikachuluka zimapanga timibulu totchedwa drusen, timene pa chithunzi cha OCT timaoneka ngati timitunda totukula mzere wa RPE. Timibulu tochepa ndi ting'onoting'ono timapezeka mwa okalamba ambiri popanda vuto. Tikakula ndi kuchuluka, timasonyeza chiyambi cha nthenda ya AMD, imene imawononga malo apakati a retina othandiza kuwerenga ndi kuzindikira nkhope.

Kusiyanitsa ukalamba ndi nthenda

Phindu lodziwa zonsezi limaonekera kwambiri pa nthenda ya glaucoma, imene imawononga timinyewa tomwe ukalamba umachepetsa. Dokotala akaona kuti gawo la timinyewa lapyapyala, amafunika kudziwa ngati ndi zaka chabe kapena ndi nthenda. N'chifukwa chake makina amayerekezera zotsatira za wodwala ndi za anthu athanzi a msinkhu wake, n'kuzisonyeza m'mitundu: wobiriwira ngati zili bwino, wachikasu ngati zikukayikitsa, ndi wofiira ngati zatsika kwambiri.

Mitunduyi payokha siipereka chigamulo. Munthu amene saona bwino zakutali akhoza kupeza mtundu wofiira alibe glaucoma, ndipo wina amene anabadwa ndi gawo lokhuthala akhoza kukhalabe pa wobiriwira nthenda itayamba kale. Chodalirika kwambiri ndi kuyerekezera zithunzi za munthu mmodzimodziyo zojambulidwa pa nthawi zosiyana. Ukalamba umachepetsa gawoli pang'onopang'ono ndiponso pafupifupi paliponse, pamene glaucoma imalichepetsa mofulumira, makamaka chakumtunda ndi chakumunsi kwa mnyewa.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri anthu akuda, popeza glaucoma imawagwira kawirikawiri ndiponso ali aang'ono poyerekeza ndi azungu. Nthendayi nthawi zambiri siipweteka, ndipo timinyewa tikafa sitibwerera, koma mankhwala odontheza m'maso kapena opaleshoni zimachedwetsa kuwonongekako. Madokotala amalangiza kuti munthu wopitirira zaka 40, wodwala shuga, kapena amene m'banja mwake muli glaucoma azipimitsa maso asanayambe kuona zachilendo.