Funakoshi, Mphunzitsi Amene Anafalitsa Karate

Ambiri a ife ku Katete, Sinda ndi Vubwi karate tinaidziwira m'mafilimu, momwe munthu mmodzi amagwetsa adani khumi. Koma amene anaifalitsa anali mphunzitsi wa pulayimale wofatsa, Gichin Funakoshi.

Iye anabadwa mu 1868 ku Shuri, pachilumba cha Okinawa. Ali mwana ankadwaladwala, ndipo thupi lake linalimba ataphunzira karate kwa akatswiri awiri, Anko Asato ndi Anko Itosu. Mu 1922, ali ndi zaka zoposa 50, anapita ku Tokyo kukaionetsa pachionetsero cha masewera. Anthu anaikonda, ndipo anakhazikika komweko. Ndalama zinali zovuta, moti ankasesa ndi kulondera pagonero la ophunzira ochokera kwawo kuti apeze pogona. Mu 1924 gulu la karate linayamba pa yunivesite ya Keio, kenako mayunivesite ena anatsatira.

Mu 1945 mabomba anawononga nyumba yake yophunzitsiramo, yotchedwa Shotokan, ndipo mwana wake Gigo anamwalira ndi chifuwa chachikulu. Ophunzira ake sanaleke: mu 1949 anakhazikitsa Japan Karate Association, yomwe inatumiza aphunzitsi kumaiko ambiri. Funakoshi anamwalira mu 1957.

Chiphunzitso chake chachikulu chinali chakuti wodziwa karate sayamba ndiye kumenya. Tikaona anyamata akulasana ndi mabotolo pabala chifukwa cha mawu chabe, tidziwe kuti chikusowa ndi mbali imeneyi, imene mafilimu sanationetse. Mukafuna kulowa kalabu ya karate, yambani mwaona ngati mphunzitsiyo amatha kuugwira mtima.