Mayina a Zodzola: Kuchokera ku Chisanskriti Kudzera m'Chingerezi

Zodzola zambiri zopangidwa ku India zimalembedwa mayina a zomera a m'Chisanskriti, pambali pake kumasulira kwa Chingerezi. Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza kumene kumasuliraku kudachokera, ndi chifukwa chake wokonza chiyankhulo sayenera kukudalira pofuna mawu a Chichewa.

Azungu amene adayamba kumasulira Chisanskriti adali ndi chidwi ndi chipembedzo ndi malamulo. Charles Wilkins adatulutsa Bhagavad Gita m'Chingerezi mu 1785. Zosamalira thupi zidabwera mochedwa. Hendrik Kern adayamba mu 1870 kusindikiza kumasulira kwake kwa Brihat Samhita, buku la Varahamihira, lomwe lili ndi mutu wonena za kasakanizidwe ka zonunkhiritsa. Sushruta Samhita, buku la mankhwala, adalimasulira Kunjalal Bhishagratna ku Calcutta m'zigawo zitatu pakati pa 1907 ndi 1916.

Galamala siidavute kwenikweni. Chidavuta ndi mayina a zomera. M'Chisanskriti chomera chimodzi chimakhala ndi mayina ochuluka, ndipo dzina limodzi limagwira zomera zingapo. Brahmi, yemwe amatchuka pa mafuta a tsitsi, kwina ndi Bacopa monnieri, kwina ndi Centella asiatica. Kunkuma m'mabuku akale ndi saffron, pamene ufa wofiira wotchedwa kumkum lero amaupanga kuchokera ku turmeric. Wodziwa mtanthauziramawu wa Monier-Williams wa 1899 koma wosadziwa tchire angamasulire bwino chiganizo chonse n'kuphonya chomeracho. Pa chinthu chopaka pakhungu, kuphonya kotere si nkhani ya ukatswiri wokha.

Tiyerekeze tsono mayi wa kwa Milonde, m'boma la Mulanje, atagwira botolo lolembedwa eranda, pansi pake castor oil. Mawu onse awiri ndi achilendo kwa iye, chonsecho chomeracho ndi nsatsi, imene mafuta ake Amang'anja akhala akudzola kuyambira kale. Chimodzimodzi tila, amene dzina lake lidabala taila, mawu otanthauza mafuta: ndi chitowe basi. Apa Chingerezi chaima pakati ngati mpanda, kubisa chinthu chimene mbali zonse ziwiri zikuchidziwa. Nimu yekha ndiye adatifika ndi dzina lochokera ku nimba, poti mtengowo ndi wobwera.

Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, lidatchuka kwambiri ndi malamulo a kalembedwe; lidalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996. Mayina a zomera adasungidwa kwina, makamaka m'buku la Jessie Williamson, Useful Plants of Nyasaland, la 1955, lomwe limalumikiza dzina la Chilatini ndi mayina a kumudzi. M'kuona kwathu njira yoyenera ndi yomweyo: dzina la Chisanskriti lilondoledwe kufika pa la Chilatini, kenaka afunsidwe amayi amene amafula nsatsi. Kubwereka mawu kudze pokhapokha chomera chikasowa m'minda ndi m'tchire la kuno.