Mmene Maelementi Anabwerekera Mayina Kumwamba

Miyala ya uranium imene anayamba kukumba ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009 ili ndi dzina lochokera kuthambo, ndipo dzinalo linabadwira mumkangano.

Mu 1781 William Herschel, woimba nyimbo wa ku Bath ku England, anaona pulaneti yatsopano pa telesikopu yopanga yekha. Pofuna kusangalatsa Mfumu George III, anaitcha dzina la mfumuyo. Akatswiri a m'mayiko ena anakana, ndipo sanalakwe: thambo si munda wa mfumu ya Angerezi. Johann Bode wa ku Berlin anati ikhale Uranus, mulungu wa thambo wa Agiriki. Mkangano usanazirale, mu 1789 Martin Klaproth wa mumzinda womwewo anapeza elementi yachilendo m'mwala wakuda wa pitchblende, naitcha uranium. Apo anali atasonyeza poyera kuti ali kumbali ya Bode.

Anzake a Klaproth anatengera. Kapulaneti ka Ceres kataoneka mu 1801, cerium anatsatira mu 1803. Kapulaneti kena, Pallas, ka mu 1802 kanapereka dzina kwa palladium. Mu 1817 Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden anatcha selenium dzina la mwezi chifukwa ankafanana ndi tellurium, wotchedwa dzina la dziko lapansi.

Nkhani ya helium ndiye ina. Iyeyu sanangobwereka dzina, anapezekadi kumwambako. Pa kadamsana wa mu 1868, akatswiri ounika kuwala kwa dzuwa anaona mzere wachikasu wosagwirizana ndi elementi iliyonse yodziwika. Norman Lockyer anati ndi elementi yatsopano, naitcha dzina la dzuwa m'Chigiriki. Ambiri anakayika mpaka mu 1895, pamene William Ramsay anaipeza m'mwala pansi pano.

Mu 1940 ku Berkeley ku California, Edwin McMillan ndi Philip Abelson anapanga elementi ya nambala 93. Poti uranium ali pa 92 ndipo pulaneti ya Neptune imatsatira Uranus, panalibenso zokambirana: neptunium. Gulu la Glenn Seaborg litapanga ya 94, linangotsata mzere n'kufika pa Pluto, imene inali itapezeka mu 1930. Kwa Aroma, Pluto anali mulungu wa kumanda, ndipo dzinali linamuyenera moopsa, chifukwa bomba limene linagwa pa Nagasaki pa 9 August 1945 linali la plutonium.

Mu 2006 akatswiri a zakuthambo anachotsa Pluto pa mndandanda wa mapulaneti akuluakulu, koma plutonium akadali ndi dzina lake pa nambala 94.