Fomu, Kuvulala ndi Khungu: Mbiri ya Kasankhidwe ka Timu ya Kiriketi ya South Africa

Mpikisano waukulu wa kiriketi ukamayandikira, ochemerera a ku South Africa amayamba mkangano umene aliyense wotsatira Flames kwathu kuno angauzindikire msanga. Uje fomu idatha kalekale koma akumuitanabe, uje mwendo sunapole koma amukakamiza kulowa m'bwalo, uje akuchita zakupsa kukalabu koma osankha timu sakumuona. Mkanganowo ukafika pachimake, pamatuluka mawu amodzimodzi: sankhani potengera luso basi, ndale zitsale kunja monga zinkakhalira kale. Koma mbiri ya masewerawa m'dzikolo ilibe nyengo yotere. Chiyambire mu 1889, pamene South Africa idasewera Test yake yoyamba ndi England ku Port Elizabeth, funso loti ndani akuyenera kuvala yunifomu ya dziko lakhala likuyenda limodzi ndi funso loti ndani akuwerengedwa ngati mwini dziko. Fomu ndi kuvulala ndi zinthu zenizeni, koma nthawi zambiri zakhala chophimba cha zifukwa zimene akuluakulu sankafuna kuzitchula poyera, ndipo amene wakhala akulipira mtengo wa chinsinsicho ndi wosewera.

Kiriketi imanyenga chifukwa ndi masewera a manambala. Womenya mpira amadziwika ndi ma run amene wapeza, woponya amadziwika ndi ma wicket amene wagwetsa, ndipo zonsezi zimalembedwa mwaudongo kwa zaka zoposa 100. Nkosavuta kuganiza kuti osankha timu amangowerenga mabuku ndi kutenga amene ali pamwamba. Nkhani ya Krom Hendricks ikuonetsa kuti sizinali choncho ngakhale pachiyambi penipeni. Hendricks anali woponya mpira mwaliwiro wa ku Cape Town, ndipo Angerezi amene adakumana naye m'bwalo mu 1892 adamutama kwambiri. Pokonza ulendo woyamba wa timu ya South Africa wopita ku England mu 1894, dzina lake lidatchulidwa ndipo ambiri adagwirizana nalo. Koma Hendricks ankawerengedwa m'gulu la makaladi. William Milton, amene ankatsogolera ntchito yosankha osewera ndipo pambuyo pake adadzakhala wolamulira Southern Rhodesia, adamusiya, mogwirizana ndi maganizo a Cecil Rhodes, nduna yaikulu ya Cape pa nthawiyo. Ena adati mwina apite ngati wonyamula katundu wa anzake, iye adakana. Palibe amene adanena kuti Hendricks sali pa fomu kapena wavulala. Manambala ake adangoleka kuwerengedwa, ndipo khomo limene lidatsekedwa chaka chimenecho lidakhala chitsekere kwa mibadwo ingapo.

Kutsekedwa kwa khomolo sikukutanthauza kuti anthu akuda sankasewera. Kusukulu za mishoni za ku Eastern Cape monga Lovedale, kumene kudachokera William Koyi pobwera ku Livingstonia, kiriketi idazika mizu m'zaka za m'ma 1800, ndipo makaladi ndi amwenye adali ndi maligi awoawo m'mabwalo a fumbi ndi miyala. M'mabwalo oterewa ndi mmene mudakulira Basil D'Oliveira wa ku Cape Town, amene adatsogolera timu ya osakhala azungu pokumana ndi Kenya mu 1956 koma sakadaloledwa kuimira dziko lake. Mothandizidwa ndi muulutsi wa BBC John Arlott, adapita ku England mu 1960, nasewerera Middleton kenako Worcestershire, ndipo mu 1966 adalowa m'timu ya England. Mu August 1968, England itatsala pang'ono kupita ku South Africa, D'Oliveira adaitanidwa ku masewera omaliza ndi Australia pa bwalo la The Oval chifukwa Roger Prideaux adadzipatula, ndipo adapeza ma run 158. Masewerawo atangotha, osankha timu ya England a bungwe la MCC adatulutsa mndandanda wa opita paulendo, dzina lake mulibe. Chifukwa chimene adapereka chinali cha m'bwalo chokhachokha: ankamuona ngati womenya chabe, ndipo panali omenya ena oyenera kuposa iye.

Patapita masabata osakwana atatu, Tom Cartwright, amene ntchito yake yaikulu inali kuponya, adachoka pamndandanda chifukwa chovulala, ndipo anthu omwe aja adaika D'Oliveira m'malo mwake. Munthu amene dzana ankati si woponya wokwanira adalowa m'malo mwa woponya. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, yemwe uja adadzacheza ku Malawi mu 1970, adalankhula ku Bloemfontein kuti imeneyi sinali timu ya MCC koma ya gulu lolimbana ndi apartheid, ndipo ulendowo udalephereka. Zidadziwika pambuyo pake kuti uthenga wochokera ku boma la Vorster udali utafika kale kwa akuluakulu ena a MCC, komanso kuti munthu wina wa kampani ya fodya adalonjeza D'Oliveira ntchito yophunzitsa ya malipiro onona ngati avomera kusapezeka paulendowo. M'mwezi umodzi wokha, mawu akuti fomu ndi kuvulala adagwiritsidwa ntchito kutseka khomo ndi kulitsegulanso, pamene nkhani yeniyeni inali khungu. South Africa, imene kufikira pamenepo inkasewera ma Test ndi England, Australia ndi New Zealand okha, idagonjetsa Australia 4-0 mu 1970, kenako idasalidwa mpaka November 1991.

Dzikolo litabwerera m'masewera a dziko lonse pansi pa bungwe limodzi, United Cricket Board, lidapeza kuti kuchotsa malamulo a tsankho sikudzaza timu ndi anthu amene adasalidwa. Omar Henry adasewera Test mu 1992 ali ndi zaka 40, mphamvu zitayamba kutha. Makhaya Ntini, woyamba mwa akuda enieni a mu Africa kuimira dzikolo, adalowa mu 1998, ndipo adamaliza ndi ma wicket 390 m'ma Test 101. Koma njira yake ikuphunzitsa zambiri: mnyamata woweta ng'ombe wa m'mudzi wa Mdingi adaonedwa ndi mphunzitsi woyendayenda, natumizidwa ku Dale College. Temba Bavuma wa ku Langa adadzera ku St David's, Kagiso Rabada ku St Stithians, Lungi Ngidi ku Hilton College. Luso la kiriketi limafuna bwalo losamalidwa, zipangizo zodula ndi mphunzitsi wa tsiku ndi tsiku, ndipo zinthu zimenezi zidatsalira m'sukulu zochepa zimene kale zinali za azungu. Choncho amene amati manambala sanama akunena zoona zosakwanira. Manambala amangofotokoza za anthu amene adafika pamalo pamene pali wolemba manambala.

Pofuna kufulumizitsa kusintha, akuluakulu a masewerawa adayamba kuika chiwerengero cha osewera osakhala azungu amene ayenera kupezeka m'timu. Apa ndi pamene otsutsa amaimirira ndi mfundo yawo yamphamvu kwambiri: kusankha munthu poyang'ana khungu ndi zomwezo zimene ankachita Rhodes ndi Vorster, kusiyana ndi mtundu wokha wa amene akukondedwa. Mfundoyi siyoyenera kunyozedwa, koma ili ndi polakwika. Lamulo la Vorster linkati wakuda asalowe ngakhale apose onse. Lamulo latsopano limati pakati pa anthu amene afika kale pamlingo wa dziko, amene kale ankasalidwa asamangodikira pabenchi. Cholinga cha loyamba chinali kusunga khomo lotseka, chachiwiri kulitsegula. Pamene otsutsawo akulondola ndi pa kachitidwe kake. Mu January 2002 ku Sydney, osankha timu adatenga Jacques Rudolph, koma pulezidenti wa bungwe, Percy Sonn, adawalamula kuti aike Justin Ontong. Nkhaniyo idatuluka, ndipo mnyamata wa zaka 21 adalowa m'bwalo dziko lonse likudziwa kuti sanali woyamba kusankhidwa. Ontong adasewera ma Test awiri okha moyo wake wonse. Lamulo limene lidabwera kudzamuthandiza, chifukwa chobwera mwadzidzidzi ndi mobisa, lidamusenzetsa dzina limene silidamuchoke.

Zomwezi zidabwerezeka mokulira pa 24 March 2015, pa semifainolo ya Chikho cha Dziko Lonse ndi New Zealand ku Auckland. Vernon Philander adali atavutika ndi mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu mu mpikisanowo, pamene Kyle Abbott, amene ankalowa m'malo mwake, adali ataponya bwino kwambiri mpaka mu kotafainolo ndi Sri Lanka. Tsiku la semifainolo, Philander adalowa, Abbott adakhala pansi. South Africa idagonja pa mpira wachiwiri kwa womaliza, pamene Grant Elliott, wobadwira ku Johannesburg, adamenya mpira wa Dale Steyn kunja kwa bwalo. Bungwe la Cricket South Africa lidayamba ndi kukana kuti panali kulowerera kulikonse, kenako lidavomera kuti mkulu wake Haroon Lorgat adafunsidwa ndipo adakumbutsa osankha za ndondomeko ya kusintha. Ochemerera ambiri adaiwala kuti anzake a Philander m'bwalomo adaphonya mipata yotulutsa omenya a New Zealand ndipo awiri adagundana pofuna kuwakha mpira umodzi. Mlandu udagwera Philander, munthu amene adagwetsa ma wicket 5 pa ma run 15 okha tsiku limene Australia idathera pa 47 mu 2011, ndipo adamaliza ndi ma wicket 224 m'ma Test 64. Wosewera wa msinkhu umenewu adatchedwa wa chiwerengero chifukwa akuluakulu adaopa kunena poyera zimene adachita.

Amene amati kulowerera kumachokera mbali imodzi yokha ayeneranso kuyang'ana mayina amene sadalowe m'bwalo. Mark Boucher atavulala diso ku England mu July 2012, Thami Tsolekile ndiye adali woyembekezeka kutenga malo a wogwira mpira kumbuyo kwa wicket, koma ntchitoyo idapatsidwa kwa AB de Villiers ndipo Tsolekile sadasewerenso Test. Aaron Phangiso adapita ku Chikho cha 2015 nabwerako osasewera ngakhale kamodzi. Chaka chomwecho ku India, malo atapezeka m'timu, Khaya Zondo amene adali kale pagulu adasiyidwa ndipo adalowa Dean Elgar, amene poyamba sadali pamndandanda wa masewerawo. Pa nkhani iliyonse mwa izi panali chifukwa chomveka cha m'bwalo: kulinganiza timu, mtundu wa bwalo, kuzolowera masewera akuluakulu. Koma zifukwa zomveka zikamagwera anthu a mtundu umodzi nthawi ndi nthawi, zimakhala ngati sikelo ya pamsika imene imalakwitsa pang'onopang'ono koma nthawi zonse mokomera wogulitsa. Mlandu suola: nkhani zimenezi zidadzamveka poyera mu 2021 pa zokambirana za Social Justice and Nation Building zimene adatsogolera loya Dumisa Ntsebeza.

Moyo wa Bavuma m'timu ukuonetsa mmene sikeloyo imagwirira ntchito ngakhale pakati pa ochemerera. Mu January 2016 adakhala wakuda woyamba wa mu Africa kupezera South Africa ma run oposa 100 mu Test, pomenya 102 osatuluka ku Newlands. Pa semifainolo ya Chikho cha Dziko Lonse cha 2023 ku Kolkata adalowa ali kaputeni ndi mnofu wa ntchafu wosapola bwino, adatuluka osapeza kanthu, ndipo anthu adamunena kuti ndi wodzikonda amene ali m'timu chifukwa cha khungu. Funso loti kodi adayenera kusewera tsikulo linali loyenera, popeza mpikisanowo sudamuyendere bwino ndipo Reeza Hendricks adali atachita bwino pamene adalowa m'malo mwake. Koma mu June 2025 pa bwalo la Lord's, Bavuma yemweyo adavulalanso mnofu wa ntchafu, adapitiriza akutsimphina mpaka ma run 66 pambali pa Aiden Markram amene adapeza 136, ndipo South Africa idagonjetsa Australia ndi kutenga World Test Championship, chikho chake choyamba chachikulu chichokere 1998. Chimene chidali kudzikonda mu 2023 chidasanduka ungwazi mu 2025. Chidasintha ndi zotsatira zokha, ndipo ichi chiyenera kuchenjeza aliyense amene amaweruza osankha timu masewera atatha.

Wina anganene kuti ngati fomu ndi kuvulala zingapotozedwe chotere, ndiye kuti mkangano wa ochemerera ndi phokoso lopanda ntchito. Mbiri ikunena zosiyana. Mkwiyo wa anthu wamba ndi mamembala ena a MCC ndi umene udapangitsa kuti nkhani ya D'Oliveira isakwiriridwe, ndipo mafunso a atolankhani ndi amene adakakamiza Cricket South Africa kusintha mawu ake mu 2015. Chaka chotsatira bungweli lidalengeza poyera kuti timu ya dziko izikhala ndi osewera 6 osakhala azungu, awiri mwa iwo akuda a mu Africa, powerengera nyengo yonse osati masewera aliwonse. Munthu akhoza kugwirizana nalo lamuloli kapena kulikana, koma likudziwika, ndipo limapatsa mphunzitsi mpata wopumitsa wovulala popanda kuwerenga makungu usiku woti mawa ndi semifainolo. Vuto silidathe: pa Chikho cha T20 cha 2024 Rabada ndiye adali yekha wakuda wa mu Africa pamndandanda wa osewera 15, umboni woti chiwerengero cha pamwamba sichingalowe m'malo mwa mabwalo ndi aphunzitsi m'sukulu za m'makomboni ndi m'midzi. Ochemerera apitirize kutsutsa, koma afunse mafunso amene ali ndi mayankho: ndani adasankha, adatsata lamulo liti, dokotala wa timu adati chiyani, ndipo wosiyidwayo adapatsidwa mipata ingati asanaweruzidwe. Bungwe limene silingayankhe mafunso amenewa poyera ndi limene liyenera kuimbidwa mlandu, osati wosewera amene adangomvera kuitana kwa dziko lake.