Nthiti za boti: mbiri imene sitiphunzitsa m'kalasi



Tikamaphunzitsa mbiri ya nyanja timathamangira sitima za azungu: Ilala yoyamba imene inalowa m'nyanja mu 1875, kapena Guendolen imene mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Mangochi boma. Nanga boti la msodzi? Ine ndimati mbiri yake ili m'kati mwake.

Bwato la makolo lilibe nthiti. Mmisiri ankagwetsa mtengo umodzi waukulu, n'kuusema ndi nkhwangwa ndi nsompho mpaka m'kati mutakhala mphako. Kukamwa kwake n'kochepa, motero wopalasa amakhala pamlomo pa bwatolo, miyendo yokha ili m'kati, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mulibe mpando, mulibe msomali.

Kukhoma matabwa kunabwera ndi Aswahili. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Makanjira anali ndi zombo zamatanga zoolotsera minyanga ndi akapolo, ndipo mu Disembala 1891 Captain Maguire anaphedwa pofuna kuwononga zombo za Makanjira. N'zowawa kunena, koma luso limeneli linayamba ndi malonda oipa.

Asodzi wamba analitola mochedwa, mitengo ikuluikulu itayamba kusowa, ndipo malo okhomera maboti a boma ku Mpwepwe anathandiza kulifalitsa. Pitani mukaone boti lisanapakidwe penti. Pansi pagona mtanda wautali ngati msana, ndipo nthiti zimakhomedwa pamenepo. Mipando yopingasa ija si yongokhalira ayi, imagwira mbali ziwiri kuti zisakanuke mwera ukavuta. Thabwa lakumbuyo limakhala lochindikala chifukwa ndilo limanyamula injini, pomwe pakati amasiya mpata wa ukonde ndi nsomba, komanso pokapira madzi. Mmisiri waulesi amaonekera m'mipata ya matabwa: akapanda kutsendera bwino thonje ndi phula, mnyamata wa chigubu chodula sapuma usiku wonse.

Komatu bwato silinathe. Pa chilimila, boti limakoka mabwato kupita nawo pakati pa nyanja, ndipo siginala amakhala m'bwato ndi nyale zake kuitana usipa. Chovuta lero ndi mtengo. Mkungudza wa ku Mulanje, umene amisiri ankaukonda poti suwola msanga, unatsala pang'ono kutheratu, ndipo mbawa ndi mlombwa zakwera mtengo.