Kusamutsa Mafayilo Kuchoka pa Disiki ya C

Kusamutsa mafayilo ndi njira yosamalira kompyuta, pamene munthu amachotsa zolemba, zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo ake pa disiki imene pali Windows n'kuziika pa disiki ina. Disiki ya Windows imatchedwa C chifukwa zilembo A ndi B zinali za madisiki akale a floppy. Ambiri amakhulupirira kuti kompyuta imalemedwa ndi kuchuluka kwa mafayilo, koma si choncho ayi. Vidiyo imene yangokhala osatsegulidwa sidya RAM (malo amene kompyuta imasungira kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito) ngakhale pang'ono. Chimene chimachedwetsa makina ndi kuchepa kwa malo pa disiki imene Windows ikugwirirapo ntchito, ndipo phindu lalikulu la kusamutsa lagona pamenepo.

Windows imalemba pa C nthawi zonse. RAM ikadzaza, Windows imatsitsira zina m'fayilo ya pagefile.sys. Ikamasinthira ku mtundu watsopano, imasunga wakalewo m'foda ya Windows.old kwa masiku 10. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna disiki yosachepera 64 GB, choncho pa laputopu yokhala ndi disiki ya mtundu wa SSD ya 128 GB malo amatha msanga munthu akayamba kukoperapo mavidiyo a pafoni. SSD ikadzaza imavutikadi, chifukwa singalembe pamwamba pa zimene zinalembedwa kale isanafufute chigawo chonse. Zili ngati kope limene munthu akafuna kukonza mzere umodzi, ayenera kukopera mizere yabwino patsamba lina, n'kufufuta tsamba lonse, kenako n'kulemba. Masamba oyera akachepa, ntchito yokoperayo imachuluka ndipo liwiro limatsika. Lamulo la TRIM, limene linabwera ndi Windows 7 mu 2009, limathandiza SSD kudziwa malo amene afufutidwa, koma silingapange malo pamene palibe. N'chifukwa chake mzere wosonyeza kudzaza kwa disiki ukafiira, kutanthauza kuti kwatsala malo osakwana 10 peresenti, si chinthu chongochiyang'ana.

Pa hard disk yozungulira nkhani yake ndi ina. Mbale zake zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kamkono kowerengera kamayenera kulumpha uku ndi uku kuti katumikire Windows ndi mafayilo a mwini wake nthawi imodzi. Madisiki akakhala awiri, iliyonse imagwira yake. Ena amati kungogawa disiki imodzi kukhala C ndi D n'kokwanira. Kugawako kuli ndi ubwino wake, chifukwa Windows ikawonongeka munthu amatha kuiikanso osakhudza za pa D, koma liwiro siliwonjezeka popeza kamkono kaja ndi komweko.

Enanso amadandaula kuti kuchotsa mafayilo pa SSD n'kuwaika pa hard disk ndi kubwerera m'mbuyo. Mfundo yawo ili ndi mutu: SSD ya SATA imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi, pamene hard disk imafika pakati pa 100 ndi 200. Komabe nyimbo, kalata ngakhale filimu yongoonera sizifuna liwiro lotere. Amene akukonza mavidiyo ndiye ayenera kusiya ntchito ya lero pa SSD, n'kusamutsa yomalizidwa.

Kasamutsidwe koyenera ndi kogwiritsa ntchito njira imene Windows inaika. Munthu amatsegula Properties pa foda monga Documents, Pictures kapena Downloads, amasankha Location, kenako Move, ndipo mapulogalamu amadziwa okha kumene fodayo yapita. Foda yobisika ya AppData ndiponso foda yonse ya Users ndi zofunika kuzisiya pomwe zili, chifukwa mapulogalamu amadalira zimenezi kuti ayambe bwino. Disiki yolumikiza pa USB nayonso siyoyenera kukhala malo okhazikika a mafodawa, poti ikazulidwa kapena chilembo chake chikasintha, Windows imawasowa. Ndipo tisanamizane, fayilo yosamutsidwa ikadali imodzi yokha. Disiki yachiwiriyo ikafa, zithunzi za ukwati ndi zolemba za sukulu zimapita nayo, pokhapokha ngati zinakoperedwanso kwina.